Chigoba cha ku Gotland ndi dzina limene linameza anzake

Pa chilumba cha Gotland, pakati pa nyanja ya Baltic ku Sweden, mafunde akagumula gombe amasiya poyera tizigoba tosanduka mwala, ta masentimita awiri kapena atatu. Kamodzi mwa ito kali ndi timizere totukuka tochokera kunsonga kupita m'mphepete, ndipo timizere tina timadutsa chopingasa, moti pamwamba pake pamaoneka ngati ukonde. Nyama imene inkakhala m'kati mwake inafa zaka pafupifupi 425 miliyoni zapitazo, m'nyengo imene akatswiri a miyala amaitcha Silurian, pamene dera limenelo linali nyanja yofunda ndi yosazama kufupi ndi ikweta. Lero dzina lake ndi Atrypa reticularis. Ndi limodzi mwa mayina odziwika kwambiri pa zamoyo zakale, ndipo kwa zaka zoposa 100 linalinso limodzi mwa mayina osokeretsa kwambiri.

Nyamayi si nkhono, ngakhale imafanana nayo. Ndi ya mu gulu la ma brachiopod, nyama za m'nyanja za mchere zokhala ndi chigoba cha zibenthu ziwiri. Nkhono za zibenthu ziwiri zimene timatola m'mbali mwa nyanja ndi mitsinje zili ndi chibenthu cha kumanja ndi cha kumanzere, kawirikawiri zofanana. Brachiopod ili ndi chibenthu cha kumsana ndi cha kumimba, zosiyana kukula ndi maumbidwe. M'kati muli chiwalo chokhala ndi timaubweya tambirimbiri timene timakoka madzi n'kusefa chakudya. Zambiri zimadzimangirira pansi pa nyanja ndi kaphesi ka mnofu kotulukira pa kabowo ka kunsonga kwa chigoba. Kabowoka mukakumbukire, chifukwa mkangano woyamba wa dzinali unabadwira pamenepo. Masiku ano kwatsala mitundu yamoyo pafupifupi 400, koma m'nyanja zakale nyamazi zinali mbwee, ndipo mitundu yake yopezeka m'miyala ilipo zikwi zambiri.

Woyamba kutcha chigobachi dzina lovomerezeka anali Carl Linnaeus. Iye ankaidziwa Gotland: mu 1741 nyumba ya malamulo ya Sweden inamutuma kukayendera chilumbachi pamodzi ndi cha Öland kukafufuza zinthu zimene dziko likadapindula nazo, monga dothi loumbira ndi zomera za mankhwala ndi utoto, ndipo anachita chidwi ndi kuchuluka kwa makorali osanduka mwala pagombe. M'buku lake la Systema Naturae, losindikizidwa kachikhumi mu 1758, analemba chigobachi kuti Anomia reticularis. Dzina lachiwirilo likunena za ukonde uja. Loyambalo ndi la gulu, limene akatswiri amati genus, ndipo gulu la Anomia linali losakanizika kwabasi. Linnaeus anaikamo nkhono zenizeni, ma brachiopod amoyo ndi ma brachiopod a m'miyala, zonse pamodzi, chifukwa zibenthu zake zinali zosalingana. Kum'dzudzula n'kosavuta, koma iye ankaona zigoba zouma basi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 ndi pamene Georges Cuvier ndi André Duméril ku Paris, ataona za m'kati mwa nyama zamoyo, anapatula ma brachiopod kukhala gulu lapadera. Dzina loti Anomia linatsalira nkhono, ndipo lili komweko mpaka lero. Anzake ena a reticularis a m'ndandanda uja anamwazikana: Anomia biloba ndi Dicoelosia biloba tsopano, Anomia retusa ndi Terebratulina retusa.

Chaka cha 1758 chili ndi mphamvu yake. Malamulo a dziko lonse otchulira mayina a nyama amayamba kuwerenga pa 1 Januwale chaka chimenecho, choncho palibe dzina lina lakale limene lingalande malo a reticularis. N'chifukwa chake mayina amene anabwera pambuyo anagonja. Mu 1820 Ernst von Schlotheim wa ku Germany anatcha zigoba zofanana nazo Terebratulites priscus, ndipo mu 1822 ku England kunatuluka dzina loti Terebratula affinis m'mabuku a banja la Sowerby. Olemba a pambuyo pake anati zonsezi ndi nyama imodzi ya Linnaeus, nazisonkhanitsa pansi pa dzina lakalelo.

Dzina la gulu limene tikuligwiritsa ntchito lero linachokera kwa Johan Wilhelm Dalman, dokotala wa ku Sweden amene ankadziwika kwambiri ndi kafukufuku wa tizilombo. M'nkhani yake yosindikizidwa mu 1828, chaka chimenenso anamwalira, anagawa ma brachiopod a m'miyala ya Sweden m'magulu angapo atsopano: Orthis, Leptaena, Delthyris, Cyrtia, ndi Atrypa. Mayina onsewa akugwirabe ntchito. Atrypa ndi mawu a Chigiriki otanthauza chopanda bowo. Dalman atayang'ana nsonga ya chigobacho sanaone potulukira kaphesi kaja, ndiye anaganiza kuti palibe.

Kabowoko kalipo. Pa chigoba chaching'ono kamaoneka bwinobwino. Nyamayo ikamakula, chibenthu cha kumsana chimafufuma kwambiri, nsonga ya chibenthu chinacho imapindika n'kukanikizana nacho, ndipo kabowo kamabisika. Zikuoneka kuti zambiri zikakula zinkaleka kudalira kaphesiko n'kumangogona pamatope. M'mphepete mwa chigoba munkamera timapepe topyapyala totambasuka, timene tinkathandiza kuti zisamire m'matopemo. Timapepeti timathyoka msanga, moti zigoba zambiri za m'nyumba zosungiramo zinthu zakale zilibe.

Ndiye dzina linanama. Kodi dzina lonama liyenera kusungidwa? Funsoli silinali lachibwana pa nthawiyo. Malamulo oyamba a mayina a nyama, amene komiti ya Hugh Strickland inalemba ku Britain mu 1842, ndipo Charles Darwin anali m'komitimo, ankalola kusintha dzina ngati likunena bodza limene lingafalitse cholakwa chachikulu. Alcide d'Orbigny wa ku France anachita zomwezo mu 1847. Anabweretsa dzina loti Spirigerina m'malo mwa Atrypa, ndi loti Spirigera m'malo mwa Athyris, gulu lina limene dzina lake linkanenanso kuti palibe khomo pamene khomo lilipo. Ena anamutsatira kwa kanthawi. Koma ambiri anakakamira dzina la Dalman, ndipo malamulo a lero amanena mosabisa kuti dzina silikanidwa chifukwa choti tanthauzo lake n'losayenera. Ine ndikuona kuti anachita bwino. Tikadalola kuti aliyense wopeza cholakwa m'tanthauzo asinthe dzina, palibe dzina likadakhalitsa, pakuti chidziwitso chimasintha chaka ndi chaka pamene dzina limafunika kukhala malo amodzi kuti anthu azikumanapo. Spirigerina sanafe ayi: anakhala dzina la gulu lina la achibale, limene mtundu wake woimira ndi marginalis, wina mwa mitundu imene Dalman yemweyo anafotokoza.

Vuto lalikulu la Dalman silinali tanthauzo. Linali loti mu Atrypa anaikamo nyama zosiyana, pongotengera nsonga yopindikayo. Atrypa galeata wake lero ali mu gulu la Gypidula, la fuko linalake kutali. Atrypa tumida anapita ku Meristina. Chimene chinapulumutsa dzinali ndi mwambo woti gulu lililonse likhale ndi mtundu umodzi woliimira, umene dzina la gululo limamatirira zivute zitani. Mtundu umene unasankhidwa kuimira Atrypa ndi reticularis. Kuyambira pamenepo funso lakuti ichi ndi Atrypa kapena ayi linasanduka funso lakuti ichi n'chachibale chapafupi ndi chigoba cha Linnaeus kapena ayi. Ndiponso chifukwa mtunduwu unasamutsidwa kuchoka mu gulu limene mwini dzina anauikamo, dzina la Linnaeus ndi chaka chake zimalembedwa m'mabulaketi. Ndi kachizindikiro kakang'ono kouza wowerenga kuti dzinali linayenda ulendo.

Chibale chenicheni chinaoneka anthu atayamba kuyang'ana m'kati. Chiwalo chosefera chakudya chija, mwa ma brachiopod ena, chinkachirikizidwa ndi timalamba ta laimu topyapyala, topotana ngati sipuling'i. Mu gulu lina lotchedwa Spirifer nsonga za zopotanazo zimaloza m'mbali, kumanja ndi kumanzere. Mu Atrypa zimaloza kumsana, kulowa m'chibenthu chofufumacho, ndipo n'chifukwa chake chinkafunika kufufuma. Kuti munthu aone zimenezi ankayenera kupala mwala wodzaza m'chigoba mosaononga timalambato, ntchito yofuna mtima wautali. M'busa wina wa ku England, Norman Glass, anaidziwa ntchitoyi kuposa anzake, ndipo ankakonzera zigoba Thomas Davidson, amene mabuku ake a ma brachiopod a m'miyala ya Britain anatuluka kuyambira 1851 mpaka 1886. Davidson anamuthokoza potcha gulu lina la achibale a Atrypa dzina loti Glassia mu 1881. Kuchokera m'maumbidwe a m'katiwa munatuluka banja la Atrypidae, limene Theodore Gill analitcha mu 1871, ndi fuko lonse la Atrypida, limene Maria Rzhonsnitskaya wa ku Soviet Union analikhazikitsa mu 1960.

Gulu linakonzedwa, koma mtundu unasiyidwa wosakonza, ndipo apa ndi pamene nkhani ikukomera. M'zaka za m'ma 1800 akatswiri a miyala anabalalika m'maiko kujambula mapu. Kulikonse kumene ankapeza miyala ya Silurian kapena ya nyengo yotsatira ya Devonian, ankapezanso chigoba chozungulira, chofufuma mbali imodzi, cha mizere ya ukonde. Ku Dudley ndi ku Wenlock mu England chinalipo. Ku mapiri a Eifel mu Germany chinalipo. James Hall anachilemba m'miyala ya New York. Ku Bohemia, ku mapiri a Ural, ku China, ku Australia, dzina linali lomwelo. Munthu wotopa, woti watola zigoba mazana tsiku limodzi ndipo akufuna kulemba lipoti, akaona ukonde uja ankangolemba Atrypa reticularis n'kupitirira. Davidson mwiniwake, amene diso lake linali lakuthwa ndipo zithunzi za m'mabuku ake ankajambula yekha, anavomera kuti mtunduwu unayamba mu Silurian n'kufika mu Devonian, ndipo kusiyana kumene ankakuona ankakutenga ngati kusinthasintha kwa m'banja limodzi.

Zotsatira zake zinalowa m'mabuku a sukulu: nayi nyama imene inakhala zaka zoposa 50 miliyoni, pa dziko lonse, osasintha. Inkaperekedwa ngati chitsanzo cha mtundu wouma mutu umene nthawi inaulephera. Komanso ankati ndi chigoba chopanda phindu kwa wofuna kudziwa zaka za mwala, poti chimapezeka paliponse. Onani mmene mfundoyi inkadzizungulira yokha. Chifukwa anthu ankakhulupirira kuti mtunduwu ndi wokhalitsa ndi wosinthasintha, sankavutika kuyang'anitsitsa zimene atola. Chifukwa sankayang'anitsitsa, chilichonse chatsopano chinkalowa m'dzina lomwelo, n'kukhala umboni wina woti mtunduwu ndi wokhalitsadi. Dzina la Dalman linanama za kabowo kamodzi ndipo silinapweteke munthu. Dzina la Linnaeus linanena zoona, pakuti ukonde ulipodi, koma ndi lomwe linabisa nyama zambirimbiri.

Odziwa nsomba za m'nyanja ya Malawi akuidziwa nkhani yotere. Kwa zaka zambiri nsomba zosiyanasiyana za m'nyanjayi zinkalembedwa pansi pa dzina limodzi loti Haplochromis, mpaka David Eccles ndi Ethelwynn Trewavas atazigawa m'magulu ambiri mu 1989, pamene utaka unapatsidwa dzina loti Copadichromis. Asodzi anali akuzisiyanitsa kale ndi maso. Zigoba za m'miyala zinalibe msodzi woziyankhulira.

Kukayika kunayamba pang'onopang'ono. Ku Iowa mu America, Clement Webster anatcha zigoba za kumeneko Atrypa devoniana mu 1921, ndipo Carroll Lane Fenton ndi Mildred Adams Fenton anayamba kuyeza ndi kusiyanitsa mitundu ya Atrypa ya m'miyala ya Devonian. Koma kugawa kotere sikukadapita patali popanda kuyankha funso la pansi penipeni: kodi Linnaeus polemba reticularis ankanena chigoba chiti? Mafotokozedwe ake anali a mawu ochepa a Chilatini, okwanira zigoba zonsezo. Yankho linali m'zinthu zimene iye anasiya. Atamwalira, mabuku ndi zosonkhanitsa zake zinagulidwa ndi James Edward Smith mu 1784 n'kupita ku London, kumene zikusungidwa ndi bungwe la Linnean Society. Mu 1949 Elizabeth Alexander anasindikiza kafukufuku wounikanso mtundu wa Anomia reticularis m'magazini ya bungwe la akatswiri a miyala la London, ndipo mu 1967 Howard Brunton, Robin Cocks ndi Peter Dance anaunika ma brachiopod onse a m'zosonkhanitsa za Linnaeus. Ntchito zoterezi zinabweza dzinalo kwawo: reticularis weniweni ndi chigoba cha Silurian cha ku Gotland. China chilichonse chofuna dzinali chiyenera kufanana ndi chimenecho, kunja ndi m'kati momwe.

Mpanda utangomangidwa, zimene zinatsala kunja zinafunika mayina. Merrill Stainbrook anakhazikitsa Spinatrypa mu 1951, gulu la zigoba za mizere yokhuthala ndi minga, limene ngakhale akale ankalisiyanitsako pang'ono. Ku Soviet Union, Alekseeva anatcha za mizere yopyapyala Desquamatia mu 1960. Wolfgang Struve wa ku Frankfurt anawonjezera Gotatrypa, Kyrtatrypa ndi Planatrypa mu 1966. Koma munthu amene anathera moyo wake pa nyamazi ndi Paul Copper, wa ku yunivesite ya Laurentian ku Sudbury mu Canada, amene anayamba ndi zigoba za ku Eifel, n'kudzagwiranso ntchito pa chilumba cha Anticosti ndi ku Gotland komwe. Ndiye anakhazikitsa Variatrypa mu 1966 ndi Pseudoatrypa mu 1973, gulu limene devoniana wa Webster anasamukiramo. Ndiyenso analemba gawo la Atrypida m'buku lalikulu la Treatise on Invertebrate Paleontology lokonzedwanso, mu 2002, ndipo mu 2004 anatulutsa buku lonse la ma atrypid a Silurian a ku Gotland ndi a m'malire a Wales.

Njira yake inali yotopetsa. Chigoba amachiumitsa m'pulasitiki kapena pulasitala, n'kumachipera pang'onopang'ono, kachigawo kochepa kuposa milimita imodzi. Akapera amajambula chooneka pamalo operedwapo, kapena kudinda chithunzi chake pa kapepala ka pulasitiki, kenako n'kuperanso. Pomaliza chigoba chatha, chasanduka fumbi, koma zithunzi zotsatizanazo zimaonetsa mano olumikiza zibenthu, timakoma ta m'kati ndi mmene timalamba tija tinalumikizirana. Zigoba ziwiri zofanana kunja zinkapezeka zosiyana m'kati. China chofunika chinali kutola mosamala, kulemba gawo lenileni la mwala limene chigoba chilichonse chachokera, osati kungoti ku Eifel kapena ku Gotland. Atachita zimenezi zinaoneka kuti mitunduyi imalowana m'malo gawo ndi gawo, wina kukhala zaka mamiliyoni ochepa n'kusiyira mnzake. Chigoba chimene ankati n'chopanda phindu chinasanduka chida chodziwira zaka za miyala, ndiponso chodziwira ngati malowo anali matope a madzi odekha kapena m'mbali mwa matanthwe a makorali.

Pali chenjezo limene sindingalilumphe. Kugawa nako kuli ndi matenda ake. Nyama yosanduka mwala ilibe DNA yoti n'kuyeza, ndipo palibe angaone ngati ziwiri zinkaberekana. Chatsala ndi maumbidwe, ndipo maumbidwe a Atrypa amasintha nyama ikamakula, amasintha ndi malo amene inakhala, amasinthanso mwala ukaphwanyidwa pansi pa nthaka. Chigoba chothyoka timapepe chimaoneka china poyerekeza ndi chathunthu. Katswiri wokonda kugawa angathe kutcha mwana ndi kholo mayina awiri. Ndipo mayina ena, monga Kyrtatrypa ndi Planatrypa, olemba ena amawatenga ngati magulu oima paokha pamene ena amawatenga ngati timagulu ta m'kati mwa Atrypa. Palibe khoti loweruza zimenezi. Bungwe la dziko lonse loona za mayina a nyama, lokhazikitsidwa mu 1895, limangoweruza kuti dzina loyenera ndi liti ndipo limamatirira pa chitsanzo chiti. Funso loti malire a mtundu ali pati limasiyira ofufuza. Komabe pa zolakwa ziwirizi, kugawa mopitirira kumakonzeka mosavuta: mayina awiri mungathe kuwaphatikiza mawa. Koma ndandanda ya 1870 yongoti Atrypa reticularis, yopanda chithunzi, zigoba zake zitatayika, palibe angaimasulenso kuti adziwe zimene zinalimo.

Pamwamba pa mtengo wonse wa mayina zinthu zinasinthanso, koma izi sizinakhudze kwenikweni chigoba chathu. Kuyambira 1869 ma brachiopod ankagawidwa pawiri motsatira Thomas Huxley, okhala ndi mano olumikiza zibenthu ndi opanda manowo. Mu 1996 Alwyn Williams ndi anzake anawagawa patatu, ndipo Atrypida anagwera mu Rhynchonelliformea, pamodzi ndi ma brachiopod ambiri amene akali moyo.

Phindu lalikulu la kukonza dzinali linaoneka pa nkhani ya kutha kwa nyamazi. Fuko la Atrypida linayamba m'nyengo ya Ordovician, linachuluka mu Silurian ndi Devonian, ndipo linatheratu zaka pafupifupi 372 miliyoni zapitazo, pamalire a zigawo ziwiri za Devonian zotchedwa Frasnian ndi Famennian. Nthawi imeneyo matanthwe aakulu a m'nyanja zofunda anafa, ndipo m'madera ambiri munagona miyala yakuda yosonyeza kuti pansi pa nyanja panasowa mpweya wa okosijeni. Miyalayo imadziwika ndi dzina la chigwa cha Kellwasser ku mapiri a Harz mu Germany. Malinga ngati zonse zinali reticularis, nkhani inali yachidule: mtundu umodzi unakhala, kenako unasowa. Mayina atasiyanitsidwa, zinatheka kuwerenga kuti magulu analipo angati pa gawo lililonse la mwala, ndipo zinaoneka kuti fukoli linali litayamba kale kuchepa kuyambira chakumapeto kwa Givetian, chigawo chotsogola Frasnian, magulu akutha limodzilimodzi mliri womaliza usanafike. Atrypa reticularis mwini wake sanauone mliriwo. Anali atatha kale zaka mamiliyoni makumi angapo m'mbuyomo, ndipo zimene zinafa pa Kellwasser zinali achibale ake a magulu monga Spinatrypa ndi Desquamatia, amene ena mwa iwo ankayendera dzina lake m'mabuku.